Funsani a Sisita: Zaka 11 mu ICU, kodi ndikayambirenso pansi kumzinda wina?

FUNSO

Okondedwa a Sisita,

Ndine namwino wa m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ku ICU, ndipo chaka chino ndakwanitsa zaka 11 pa wodi imodzimodzi. Bambo a kunyumba awasamutsira kumzinda wina kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Iwo anatsogola kale, ine ndatsala ndi ana awiri, wina wa zaka 9 wina wa zaka 4, ndipo tagwirizana kuti tiwatsatire sukulu ikatsekera. Zipatala ziwiri zakumeneko zandiyankha. Chachikulu chili ndi ICU ya mabedi 12, koma akuti ndikayambe ngati namwino wamba wa pawodi. Chaching'ono chili ndi mabedi 4 ndipo akufuna ndikangofikira kukhala inchaji. Kuno ndikangolowa pakhomo ndimadziwa wodwala amene ativute usiku umenewo, madokotala amandimvera, anamwino atsopano ndimawaphunzitsa ndine. Ndikuopa kukalamulidwa ndi ana oti ndikadawaphunzitsa ndine, komanso chikumbumtima chikundivutitsa chifukwa ndikusiya anzanga ali operewera kale. Ndisankhe kuti, ndipo ndikonzekere bwanji?

Namwino wa naiti

YANKHO

Achemwali anga,

Ndiyambe ndi sirinji imodzi, chifukwa zambiri zomwe ndikuuzeni zinachokera pamenepo.

Ine ndinasamuka nditagwira zaka 9 mu ICU. Sabata yachiwiri kumalo atsopanowo ndinali pa naiti, ndipo anandipatsa bambo wina wa sepsis, matenda omwe tizilombo timasokoneza thupi lonse, ali pa ventileta, makina opumitsa wodwala, BP yawo ikuchirikizidwa ndi noradrenaline. Cha m'ma 3 koloko usiku pampu inalira kuti mankhwala atsala pang'ono kutha. Ndinapita patebulo la mankhwala, manja n'kuchita zomwe anachita kosawerengeka: 4 mg mu 50 ml, kulemba pa sirinji, kusayina. Ndinaitana mtsikana amene ndinali naye usikuwo kuti adzatsimikize, mwana woti chiyambireni ntchito chaka chinali chisanathe. Anayang'ana sirinji yanga, anayang'ananso yomwe inali pa pampu, n'kunena chapansipansi: "A Sisita, kuno timathira 8."

Pampuyo inkayenda pa 6 ml pa ola. M'kasakanizidwe ka komwe ndinachokera, amenewo ndi ma microgram 8 pa mphindi. M'kasakanizidwe ka kumeneko, ndi 16. Ndikadalumikiza sirinji yangayo, bambowo akadayamba kulandira theka la mankhwala awo pampu ikuonetsa nambala yomweyo, ndipo noradrenaline sakhalitsa m'magazi, pakangotha mphindi ziwiri kapena zitatu theka lake latha. BP ikadagwa ine ndili chiimire pambali pa bedi, ndikufufuza chifukwa paliponse kupatula m'sirinji yomwe ndakonza ndekha. Mpaka lero ndikakumbuka usiku umenewo ndimachita nthumanzi.

Wongotuluka kusukulu sakadalakwitsa chonchi. Iye akadatsegula buku la malamulo a wodi n'kuwerenga, chifukwa sanayambe kudzidalira. Amene timadumpha kuwerenga ndife a zaka zambiri, amene manja athu amathamanga mutu usanafunse. Ndiye mantha anu akuti mukaoneka ngati wosadziwa kanthu ndawamva, koma amene ndikufuna munyamule ndi ena: oti mukadziona ngati mukudziwa, pomwe zomwe mukudziwazo ndi za chipatala china.

Luso lanu lenileni silitsala, pamenepo mtima ukhale m'malo. Maso amene amaona khungu la wodwala likusintha monita isanalire, khutu lomwe limamva kuti chubu chadzaza makhololo ventileta isanadandaule, dzanja lomwe limagwira mapazi n'kudziwa kuti magazi sakufika bwino, zimenezo mukwera nazo m'basi. Thupi la munthu ndi limodzimodzi kulikonse. Sikelo ya Glasgow yoyezera kutsitsimuka kwa wodwala, imene Graham Teasdale ndi Bryan Jennett anatulutsa mu 1974, mukaipeza ikuyambirabe pa 3 kulekeza pa 15. MAP (avareji ya BP) ya 65 ikadali malire omwe timatetezera wodwala wa septic shock, amene BP yake yagwa chifukwa cha sepsis. Bedi la wodwala wa pa ventileta likwezedwabe kumutu madigiri 30 mpaka 45.

Chomwe chitsale ndi liwiro. Ambirife sitizindikira kuti gawo lalikulu la liwiro lathu anatipatsa ndi malo omwe tinazolowera. Mumadziwa kabati yomwe muli chubu cha saizi 7.5 osayatsa ndi getsi lomwe, soketi yomwe imakhalabe ndi magetsi ena akazima, dokotala amene amayankha foni ikangolira kamodzi ndi amene muyenera kumuimbira katatu, munthu wa ku labu amene mukamutchula dzina zotsatira zimabwera msanga. Zaka 11 zinakuunjikirani zimenezi pang'onopang'ono mpaka munaiwala kuti munachita kuphunzira. Patricia Benner, namwino wa ku America amene mu 1984 anafotokoza makwerero asanu omwe namwino amadutsa kuchoka pa wongoyamba kufika pa katswiri, ananenanso kuti katswiri akaikidwa pakati pa odwala a mtundu womwe sanauzolowere amatsikanso makwererowo. Inu simutsika mpaka pansi popeza mukuchoka ku ICU kupita ku ICU, koma mutsikako ndithu. Kwa ine panatha miyezi pafupifupi 6 ndisanayambe kulowa pakhomo mtima osagunda.

Choncho masiku oyamba musawaone ngati otayika. Tsiku loyamba, musanagwire wodwala, pemphani kuti mutsegule nokha tirole ya zadzidzidzi, dirowa iliyonse, ndi manja anu. Yatsani defibrillator, makina odzidzimutsa mtima ndi magetsi, muone mabatani ake. Pezani pomwe pali zotsekera okosijeni, masilinda apadera, Ambu bag (thumba lofinya ndi manja popumitsa wodwala) ya bedi lililonse. Lembani m'kabuku ka m'thumba nambala yoitanira anthu mtima wa wodwala ukaima. Kenako khalani pansi ndi buku la kasakanizidwe ka mankhwala a pa pampu: noradrenaline, adrenaline, insulin, heparin, potassium, midazolam, morphine. Muonetsetse ngati amawerengera pa kilogalamu ya wodwala kapena ayi, popeza microgram pa mphindi ndi microgram pa kilogalamu pa mphindi zimaoneka ngati mapasa papepala, koma kwa munthu wa 70 kg zimasiyana ka 70.

Palinso manambala ena amene amapusitsa munthu osachita phokoso. Makina oyezera shuga ena amawerenga mu mmol/L, ena mu mg/dL, ndipo kusiyana kwake ndi ka 18: shuga wa 4 pa makina awa ndi 72 pa enawo. Oyezera mpweya wa m'magazi ena amalemba mu kPa, ena mu mmHg, ndipo kPa imodzi ndi 7.5 mmHg, kotero CO2 ya 6 ndi ya 45 ndi yomweyo. Pa za kugonetsa wodwala ndiye muchenjere kwambiri. Ngati munazolowera sikelo ya Ramsay ya 1 mpaka 6, wodwala wa pa 4 wagona ndipo amadzidzimuka msanga mukamugogoda pamphumi. Pa sikelo ya RASS, yoyambira pa -5 kufika pa +4, wodwala wa +4 walusa, woti atha kuvulaza anamwino. Mukamva pa ripoti kuti "ali pa 4", funsani kuti pa sikelo iti. Maventileta nawonso chimodzimodzi. Kapumitsidwe komwe makina a Servo amati PRVC, a Dräger amati AutoFlow, a Hamilton amati APV, a Puritan Bennett amati VC+. Nzeru yake mukuidziwa kale, koma zala zanu ziphunzire mabatani masana kuli bata, pa makina opanda wodwala. Musadikire kuti 3 koloko usiku ikuphunzitseni.

Mwati madokotala amakumverani. Kumeneko mawu anu pa foni adzakhala mawu a munthu wachilendo. Komwe muliko mukangoti "bedi 2 sakundisangalatsa", dokotala amavala nsapato, chifukwa zaka zinamuonetsa kuti inu simuitana pachabe. Dokotala watsopanoyo alibe zaka zimenezo. Muyenera kubwereranso ku kalankhulidwe komwe mumaphunzitsa ana aja, ka SBAR: chomwe chikuchitika, mbiri ya wodwala mwachidule, chomwe inu mukuona kuti chavuta, ndi chomwe mukupempha. Mkodzo watsika kuchoka pa 50 ml kufika pa 15 ml pa ola kwa maola atatu, mtima wakwera kuchoka pa 90 kufika pa 118, mapazi azizira, ndikupempha mubwere mumuone tsopano. Zomwe mtima wanu wanunkhiza muzisandutse manambala musanagwire foni.

Za kulamulidwa ndi ana, zidzachitika, ndipo zidzawawa, sindikunamizani. Adzakupatsani wokuyang'anirani amene anali pasukulu inu mukusamala kale odwala a pa ventileta, ndipo adzafuna kukuonani mukukoka makhololo asanasayine kuti mumatha. Muloleni aone. Pepala limenelo amasayinira aliyense, ndipo wodi yomwe imakhulupirira mlendo pa mawu ake okha ndi yofunika kuiopa. Mtsikana amene anandiimitsa usiku uja anali ndi chinthu chomwe zaka zanga 9 zinalibe, ankadziwa malowo. Ndinamuthokoza pamaso pa anzathu pa ripoti ya m'mawa, ndipo kuyambira pamenepo ndi iye amene ankandinong'oneza zonse zosalembedwa m'buku. Patapita miyezi iwiri anabwera yekha kudzandifunsa kuti ndinaona chiyani kwa mayi wina amene ndinamuitanira dokotala monita ikuonetsa kuti zonse zili bwino. Anzanu adzakupimani pa naiti yoyamba yovuta, ndipo naiti yotero siichedwa kufika.

Tsopano funso lanu lalikulu. Ndikadakhala ine, ndikadapita kwa mabedi 12. Ndikudziwa kuti dzina la inchaji limakoma m'khutu, makamaka kwa munthu amene akuona ngati akumulanda zaka zake. Koma kukhala inchaji pamalo pomwe simukudziwa ngakhale komwe amasunga makiyi ndi kusenza ntchito ziwiri zatsopano nthawi imodzi, inu muli ndi ana awiri ofunika kuzolowera sukulu ndi nyumba. Polemba rosita ya anthu omwe simukudziwa mphamvu zawo, mudzaika ofooka awiri pa naiti imodzi osazindikira. Dzifunseninso kuti mpandowo ulibe munthu chifukwa chiyani, ndipo bwanji sanakwezepo wa m'kati momwemo. Pakhoza kukhala yankho labwino, koma mulimve kaye. ICU yaing'ono kawirikawiri imatumiza kwina odwala ovutitsitsa, ndipo luso losagwiritsidwa ntchito limazilala. Pakatha chaka osagwira makina a dayalisisi, mudzayamba kuwaopa. Pa wodi yaikulu munthu wa zaka 11 sabisika, ndipo mipando imatseguka.

Komabe maganizo angawa akhoza kusintha ndi zomwe mukapeze, ndiye musasayine musanapondeko. Pemphani kukaona wodi zonse ziwiri, ndipo ngati n'kotheka mukafike nthawi ya ripoti ya madzulo, a masana akupatsira a usiku. Nthawi imeneyo wodi siibisa kanthu. Werengani nokha odwala, muwerengenso anamwino omwe akulowa naiti. Mabedi 12 a papepala akhoza kukhala 8 otsegula, kapena 12 odzaza ndi anamwino anayi okha. Muyezo womwe a ICU amatsata, mwachitsanzo ku Britain, ndi namwino mmodzi kwa wodwala mmodzi wa pa ventileta, ndi mmodzi kwa odwala awiri omwe sali pa ventileta koma akufunikabe diso lapafupi. Zipatala zambiri sizifika pamenepo, koma mudziwe kuti iwo atalikirana nawo bwanji. Kutopa kwanu ndi nkhani ina, chachikulu ndi moyo wa wodwala. Linda Aiken ndi anzake, mu kafukufuku wa 2002 pa odwala ochitidwa opaleshoni m'zipatala 168 za ku Pennsylvania, anapeza kuti wodwala aliyense woonjezera pa namwino mmodzi ankakweza ndi 7 peresenti chiopsezo cha imfa m'masiku 30. Sanali kafukufuku wa ICU, koma kwa wodwala wodalira mapampu asanu inu mukudziwa nokha zomwe zimachitika namwino akatembenukira kwina kwa mphindi 10.

Funsani kuti 2 koloko usiku dokotala amakhala kuti, m'chipatala momwemo kapena kunyumba pa foni, ndipo chubu chikazuka amabwezeretsa ndani. Mudziwenso ngati wodi ili ndi dokotala wakewake amene amalamula zonse, kapena wodwala aliyense amatsalabe m'manja mwa dokotala amene anamugoneka, chifukwa kwachiwiriku namwino ndi amene amagwirizanitsa malamulo a anthu asanu otsutsana. Akuuzeni masabata omwe mudzakhale mukuzolowera musanawerengedwe pa rosita, komanso ngati angakuchotseni ku ICU kuti mukatseke mpata ku wodi ina. Ndipo chaka chathachi achoka anamwino angati? Funso limeneli musafunse a metroni okha. Mufunsenso namwino amene mumupeze akusamba m'manja pasinki.

Musaganize kuti ndikunyoza mabedi 4. Ntchito yathuyi inabadwa makina ali osowa. Mu 1952 ku Copenhagen, poliyo itadzaza chipatala, dokotala wogonetsa odwala Bjørn Ibsen anabweretsa njira yopumitsa odwala kudzera m'chubu cha pakhosi, ndipo ophunzira udokotala mazanamazana ankasinthana kufinya thumba la mpweya ndi manja usana ndi usiku. Imfa zinatsika kwambiri chifukwa pambali pa bedi lililonse panali munthu wosachoka. Mukakapeza kuti kwa mabedi 4 kuli anamwino okwanira, dokotala wogona pomwepo ndi akuluakulu omva, pomwe kwa 12 ndi kuthamangathamanga kokhakokha, musatsate zanga, pitani kwa mabedi 4.

Za mapepala ndidutsa mwachangu, koma inu musazichedwetse. Musasiye ntchito musanagwire kalata ya ntchito yatsopano yonena giredi, malipiro, alawansi ya naiti ndi miyezi yoyesedwa. Ngati zaka 11 aziwerengera pa giredi, zimenezo zikhale zolembedwa. Werengani kontirakiti yanu ya pano muone masiku a notisi, tchuthi chomwe simunatenge, penshoni, komanso ngati anakulipirirani maphunziro ndi pangano loti mugwire zaka zakutizakuti. Layisensi yanu ikhale yosatha, ndipo ngati mzindawo uli pansi pa bungwe lina lolembetsa anamwino, yambani zimenezo lero. Ziphaso za BLS ndi ACLS, za maphunziro otsitsimutsa munthu mtima ukaima, za American Heart Association zimatha pakapita zaka ziwiri, onani tsiku lake. Musanachoke khalani pansi ndi inchaji wanu alembe mwatsatanetsatane zomwe mumatha: mitundu ya maventileta, machubu a m'mitsempha ikuluikulu, trakiyositome (chubu cha pakhosi), dayalisisi, kuphunzitsa atsopano, kutsogolera shifiti. Kalata yongoti "ndi wolimbikira ntchito" siikuthandizani, ndipo pakatha chaka wokhala pampandopo mwina adzakhala munthu wosakudziwani.

Tibwere kunyumba. Bambo anatsogola, ndiye mwina apeza kale pokhala poyang'ana kuntchito kwawo. Nyumbayo muiyeze ndi maso a munthu wa naiti. Kuchoka kuchipatala m'mawa mutachezera, muyenda nthawi yaitali bwanji? Ofufuza a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, anaonetsa mu 1997 kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amalakwitsa mofanana ndi amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi. Ine ndinasinza pa chiwongolero m'mwezi woyamba, nditaima pamphambano, ndipo chinandidzutsa ndi hutala ya galimoto yakumbuyo. Mwezi wotsatira ndinasamukira kufupi. Mukaione nyumbayo masana, nthawi yomwe inu muzigona, mumve phokoso lake. Nanga wa zaka 4 uja azigona ndi ndani inu muli naiti, bambo atachoka ndi ntchito? Komwe muliko muli ndi anthu amene mumangowagogodera. Kumeneko muyenera kuwapeza musanalowe pa rosita, ndipo akhale awiri, chifukwa mmodzi adzadwala tsiku lomwe mukumufunitsitsa. Ngati m'thumba mulola, siyani masabata awiri pakati pa tsiku lomaliza kuno ndi loyamba uko.

Pali chimodzi chomwe palibe anandichenjeza, imfa yoyamba kumalo atsopano. Komwe ndinachokera, wodwala akatisiya panali mnzanga amene tinkangoyang'anana n'kumvana osalankhula. Kumalo atsopanowo kunamwalira mnyamata wa zaka 19 amene ndinamusamala mausiku anayi, ndipo nditamaliza kumukonza ndinakaima ndekha m'chipinda chosinthira zovala, nsapato imodzi ili m'manja, osadziwa woti n'kumuuza. Sungani nambala ya mnzanu mmodzi wa komwe muliko amene mungamuimbire 8 koloko m'mawa osayamba ndi kufotokoza.

Za anzanu omwe mukuwasiya, kuperewera kwa anamwino simunakuyambitse ndinu, ndipo simungakuthetse pogawa banja lanu pawiri. Chomwe chili m'manja mwanu ndi kuchoka bwino. Perekani notisi yokwanira. Miyezi yatsalayi sankhani awiri mwa ana mumaphunzitsawo, muwakhuthulire zomwe zili m'mutu mwanu mokha, monga ventileta yomwe alamu yake imalira pachabe ndi yomwe ikalira muyenera kuthamanga, komanso momwe mumasinthira sirinji ya noradrenaline BP osagwa. Muzilembe zitsale m'wodi. Tsiku lomaliza mudzalira ndithu, ndipo misozi imeneyo musaibise kwa iwo.

FUNSO

A Sisita,

Ine ndinasamuka kale, miyezi itatu yapitayi, nditagwira zaka 7 mu ICU ina. Kuno zinthu zambiri akuchita mwachikale. Odwala a pa ventileta sawatsuka m'kamwa pafupipafupi, mabedi sawakweza kumutu, ndipo ripoti amapatsirana pa desiki m'malo mwa pabedi. Ndikanena kuti komwe ndinachokera timachita mwakuti, a inchaji amangoti "kuno si kumeneko". Pano anzanga ayamba kunditcha "a Kwathu". Ndikuganiza zobwerera. Ndilakwa?

Mlendo wotopa

YANKHO

Achimwene,

Zomwe mwaonazo mwaona bwino. Kukweza bedi kumutu ndi kusamala m'kamwa ndi zina mwa njira zodziwika zopewera chibayo chobwera ndi ventileta, ndipo musaleke kuzifuna. Chomwe chikukutsekerani khomo ndi mawu akuti "komwe ndinachokera". Munthu akawamva saganizanso za chibayo, amangomva kuti mukumuuza kuti zaka zake zonse wakhala akuvulaza odwala. Akuluakulu anati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, n'zoona, koma kuti kamete, mwini mutu ayenera kukhala pansi mwakufuna kwake.

Chomwe chingavulaze wodwala lero lomwe, monga mlingo wolakwika wa mankhwala kapena alamu yozimitsidwa, nenani pomwepo, akutcheni dzina lililonse. Zina zonsezo yambani mwafunsa chifukwa chake. Mwina ena mwa mabediwo chokwezera chake chinathyoka kalekale ndipo palibe anauza okonza. Mwina zotsukira m'kamwa zinasiya kubwera kuchokera ku famase. Ine ndinakwiyapo ndi wodi ina chifukwa chosatembenuza odwala mokwanira usiku, kenako ndinadzaona ndekha kuti pa naiti panalibe anthu atatu oti wina agwire chubu ndi mutu, awiri thupi.

Odwala omwe akupatsani inu achitireni zonse mukudziwazo, tsiku lililonse, osalengeza. Kenako sankhani chimodzi chokha, ine ndingati cha mabedi popeza kuyamba kwake sikufuna ndalama. Mupite kwa a inchaji muli awiri, osati pa ripoti, mukapemphe kuti kwa mwezi umodzi muziwerenga m'mawa uliwonse mabedi omwe afika madigiri 30 ndi omwe sanafike, n'kulemba chifukwa chake. Mutenge mnzanu wokhalitsa pawodipo muziwerengera limodzi, ndipo zotsatira akapereke ndi iyeyo.

Za kubwerera, ine ndi anzanga angapo amene anasamuka tinalakalaka kubwerera cha m'mwezi wachitatu womwewo, chisangalalo cha kufika chitatha, anzathu enieni tisanapeze. Dziikireni mwezi wa 9 chifikireni kumeneko kuti mudzaganizirenso. Koma ngati mwanena za chinthu choopsa kwa wodwala, mwalembanso, ndipo palibe chasintha, kapena akukukakamizani kusayina zomwe simunachite, musadikire mwezi umenewo. Yambani kufunsira kwina, ndipo notisi muilembe mwaulemu, chifukwa a ICU ndife ochepa ndipo a inchaji amenewo mudzakumana nawo pa maphunziro ena, mwina mutakhala benchi limodzi.